Walira Nampula walira matope

Disembala wafika, anzanga a geni, ndipo aliyense amene ali ndi benchi pamsika wa Mangochi, ku Monkey Bay, kwa Makawa kapena ku Namwera akudziwa zimene zikubwera. Khrisimasi ikangodutsa msika umagona tulo. Ndalama za anthu zimathera ku feteleza, ku fizi ya ana ndi ku chimanga chogula pa kambale. Wa zitenje amaswera kukutumula fumbi pa katundu yemweyemweyo. Wa usipa ndiye ali pamoto: dzuwa loyanikira palibe, nsomba zikuolera pathandala, komanso makoka amakhala atangochoka kumene pa nyengo yotseka, imene pa nyanja ya Malawi imayamba pa 1 Novembala, pomwe ku Malombe amayamba kutseka mu Okutobala.

Ndiye nkhani yanga sabata ino ndi iyi: m'malo mokhala pabenchi kumadya mpamba pang'onopang'ono ngati chiswe, bwanji osatenga masiku akufawa n'kukaona kunja? Sindikunena ku Joni ayi. Za ku Joni ife a ku Mangochi palibe angatiphunzitse, mudzi uliwonse uli ndi ana ake kumeneko, ndipo ulendo wake umafuna thumba lonenepa. Ine ndikunena kwa aneba athu kuseri kwa mapiri a Namwera: kutulukira pa Chiponde, kulowa Mandimba, Cuamba, Nampula, mpaka kukaviika phazi m'nyanja ya mchere pa chilumba cha Ilha de Moçambique. Sabata imodzi kapena masiku 10, wapita wabwera, waoda katundu, wapumulako, waonanso dziko.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mitu. Mukuti mkuluyu zamusokonekera, munthu angayende m'dzinja? Mukunena zoona pang'ono. Makolo athu Achiyao amene ankayenda njira yomweyi kupita kunyanja ya mchere ankadikira mvula ikate, mitsinje iphwe, tchire lipse, chifukwa ankayenda wapansi miyezi yathunthu, mitolo ili pamutu. Ankanyamula minyanga ya njovu, ndipo tisabise, ankanyamulanso anthu anzawo kukagulitsa. Pobwera ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, kudzanso mbewu za mango ndi kokonati. Mfumu Mataka mpaka mudzi wake unatchedwa Mwembe chifukwa cha mango, ndipo David Livingstone anafikako mu 1866. Mafumu Mponda, Makanjira ndi Jalasi mphamvu zawo zinkachokera m'njira imeneyi, n'chifukwa chake Angerezi anadzamanga Fort Johnston mu 1891, pofuna kuitseka. Tauni yathu ino inabadwa chifukwa cha ulendo umene ndikukuuzaniwu.

Koma ife lero sitiwoloka Lúrio ndi miyendo. Pali phula, pali milatho, pali njanji, pali foni m'thumba. Nkhondo imene inathamangitsira kuno abale athu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni inatha atasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Chatsala ndi kukonzekera basi. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo ali ndi njira zake zowapondera.

Choyamba ndi mapepala

Pasipoti, achimwene, pasipoti. Mmalawi safunika viza kuti akacheze ku Mozambique kwa masiku osapitirira 30, koma buku lenilenilo liyenera kukhala m'manja, losatha, ndipo ndi bwino likhale lotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo. Kapepala kaja amapereka pachipata, ka boda pasi, ndi ka munthu wokaona maliro kapena kukagula mchere pa Mandimba pomwepa. Sikafika ku Nampula. Pa ulendo wanga wa Januwale 2024, pamalo ena ofufuzira galimoto mkati mwa dzikolo, anatsitsa mayi wina amene tinakwera naye ali ndi kapepala kameneka kokha. Mvula ikugwa, mwana kumsana, galimoto yathu inanyamuka iye ali chiimire pansi pa mtengo. Sindikufuna zimenezi zidzaonekere wina wa inu.

Ngati mulibe pasipoti, musayambe kuifuna ulendo utatsala sabata. Mukukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 makina osindikiza mapasipoti anaima kwa milungu yambiri, anthu n'kumagona pamizere. Konzani buku lanu nthawi ya geni yotentha, m'miyezi ya kukolola, lizikhala m'sutikesi kudikira. Mukalipeza, lijambulitseni makope awiri, ina musiye kunyumba. Pachipata onetsetsani ndi maso anu kuti adinda potuluka kwathu ndiponso polowa kwawo, muwerenge tsiku limene alemba. Ndipo kumeneko pasipoti siyisiyidwa kuchipinda chogona. Mlendo amayenda nayo paliponse, angakhale popita kukagula buledi.

Chachiwiri ndi ndalama

Apa ndiye pali mutu wa nkhani, chifukwa chimene mukunyamulacho si ndalama wamba, ndi mpamba, chakudya cha ana anu chaka chonse. Ndalama ya kumeneko ndi metikali, ya nkhope ya Samora Machel, ndipo mapepala ake ndi a 20, 50, 100, 200, 500 ndi 1,000. Kuyambira mu 2021 metikali yakhala ikuima pa 63 kapena 64 pa dola imodzi ku banki, pomwe kwacha yathu anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuigwetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tanthauzo lake n'losavuta: mitengo imene anakuuzani mlamu wanu amene anapitako zaka zitatu zapitazo iiwaleni. Chitenje kumeneko chikhoza kukhala pa mtengo womwewo wakale, koma makwacha ogulira metikaliyo ndi amene achuluka. Musananyamuke imbirani munthu amene wabwerako mwezi womwewo, mufunse mitengo ya lero, muwerengere pa pepala ndi pensulo. Masamu akakana muli kunyumba, sakalola muli ku Nampula.

Lamulo limati ndalama zakunja zisinthidwe ku banki kapena kumalo ovomerezeka, ndipo mukazipeza kumeneko sungani lisiti lake. Tonse tikudziwa kuti pachipata pamakhala anyamata a mitolo ya ndalama m'manja, othamanga pakamwa ndi pazala pomwe. Ine sindikutumani kwa iwo. Ndingonena kuti ndalama iliyonse imene mwalandira, kaya kwa yani, muwerenge nokha, pang'onopang'ono, ndipo mukawerenga isabwererenso m'manja mwa mwini wake kuti akuti aonenso. Pobwerera paja ndi pamene mapepala amasowa.

Tiyerekeze muli ndi K900,000. Igaweni patatu musanatuluke m'nyumba. Gawo lalikulu ndi la katundu. Gawo lachiwiri ndi la thiransipoti, malo ogona, chakudya ndi msonkho wa pachipata pobwera. Gawo lachitatu ndi la mvula: ndalama yokwana kugona ndi kudya masiku atatu owonjezera ngati msewu waduka kapena mwadwala. Gawo limeneli musalikhudze ngakhale mutaona chitenje chokongola bwanji. Ndipo zitatuzi zisagone thumba limodzi. Ina m'chikwama cha m'chiuno mkati mwa zovala, ina pena, ya panjira yokha ndiyo ikhale pafupi. Mukafika gulani simu khadi ya kumeneko, kaya Movitel kaya Vodacom, amalembetsa ndi pasipoti yomweyo, kuti a kunyumba azidziwa pamene mwafika.

Chachitatu ndi kumwamba

Mvula wamba sindiyo ndikuopa. Chimene muyenera kuchiopa ndi namondwe, chifukwa amene amatipweteka kuno ambiri amalowera gombe lomwelo limene mukupitalo. Ana analowera m'chigawo cha Nampula mu Januwale 2022 n'kudzatigwetsera magetsi a ku Kapichira. Gombe anatsatira mu Malichi chaka chomwecho. Freddy analowera cha ku Quelimane mu Malichi 2023, ndipo maliro ake kuno kumwera sitinawaiwale. Chido anafika mu Disembala 2024, Dikeledi mu Januwale 2025 pafupi ndi chilumba chomwecho cha Ilha, Jude mu Malichi 2025 ku Mossuril, patsidya pa chilumbacho. Onani miyeziyo bwinobwino. Malichi ndi mwezi woipa. Ngati mungathe, pitani pakati pa Chaka Chatsopano ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, koma ngakhale apo khutu likhale pa wailesi.

Ubwino wake namondwe sabwera ngati mbala. Amabadwira kutali m'nyanja ya India, ndipo a zanyengo amamuona masiku angapo asanafike pamtunda. Nthambi yathu yoona zanyengo imalengeza pa MBC ndi pa mawailesi a m'madera monga Dzimwe, kwinaku anzawo a ku Mozambique nawo amalengeza. Mukamva kuti kuli namondwe amene wapatsidwa dzina ndipo akulunjika ku Madagascar kapena mu nyanja ya pakati pa Madagascar ndi Mozambique, masulani katundu, khalani pansi, dikirani sabata. Nampula sathawa. Akakupezani muli kale kumeneko, chokani kugombe msanga, mukakhale m'tauni m'nyumba ya njerwa. Ndipo dalaivala akafuna kuwoloka madzi amene akuyenda pamwamba pa mlatho, tsikani. Akunyozeni kuti ndinu amantha, palibe kanthu. Manda a anthu olimba mtima ndi ambiri.

Palinso mbali ina imene simuyenera kupitako konse, kaya kuli dzuwa kaya mvula. Kumpoto, m'chigawo cha Cabo Delgado, kwakhala zigawenga kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo nthawi zina zakhala zikudumphira m'maboma a kumpoto kwa Nampula monga Memba ndi Eráti. Wina akakuuzani kuti ku Pemba kuli katundu wotchipa, muuzeni apite yekha. Komanso kukakhala zisankho kapena zionetsero, monga zinachitikira kumapeto kwa 2024 misewu itatsekedwa ndipo anthu ena anathawira ku Nsanje, ndale za eni ake musazilowerere. Za mavoti tili nazo zathu zokwanira.

Chachinayi ndi thupi

Dzinja ndi nyengo ya udzudzu ndi kolera, kuno ndi uko chimodzimodzi. Ife a ku Mangochi tinaona ndi maso kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, boma lathu lino lili m'gulu la amene anavutika kwambiri. Nampula nayo kolera imaidziwa. Nyamulani WaterGuard, mapaketi a Thanzi, sopo ndi neti yanu, chifukwa neti za m'malo ogona otchipa zimakhala ndi mabowo olowa nkhuku. Madzi imwani a m'botolo lotseka kapena amene mwathiramo mankhwala nokha. Chakudya idyani chotentha, chochoka pamoto mukuona. Mango ndi ambiri nyengo imeneyi ndipo ndi okoma, koma tsukani ndi madzi anu, musende nokha. Thupi likatentha musati ndikaonera kunyumba. Pitani kuchipatala chapafupi akakuyezeni malungo tsiku lomwelo. A shuga ndi a BP nyamulani mankhwala a masiku owirikiza kawiri masiku a ulendo wanu.

Katundu wa m'dzinja ali ndi lamulo limodzi: chilichonse m'jumbo. Pasipoti m'jumbo, foni m'jumbo, ndalama m'jumbo, zovala m'jumbo musanaziike m'chikwama. Tengani mapepala apulasitiki aakulu, kalona kakang'ono ndi chingwe, chifukwa pobwera katundu wanu akhoza kukwera pamwamba pa galimoto, ndipo kondakitala sadzalira nanu zitenje zikanyowa n'kuchita chuku. Nsapato za ku ukwati zisiyeni. Mapatapata olimba ndi nsapato imodzi yotseka zakwana. Ambulera yaing'ono, tochi, ndi juzi imodzi ya pa Namwera ndi m'mamawa. Ndipo musayende nokha. Awiri kapena atatu, mmodzi akapita kokadzithandiza wina akuyang'ana katundu.

Tsopano tiyeni tinyamuke

Nyamukani m'bandakucha. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, galimoto imayamba kukwera mapiri a Chowe, ndipo apa ndi pamene mphoto yoyamba ya woyenda m'dzinja imaonekera. Amene mumadutsa njira imeneyi mu Okutobala mumaona utsi ndi miyala yokha. Mu Januwale phiri lonse ndi lobiriwira, timitsinje tikutsika m'matanthwe, ndipo mukacheuka mumaona Malombe uko, nyanja yaikulu uko, Shire akulumikiza ziwirizi ngati chingwe. Tinabadwira pompano koma ambiri sitinaonepo kwathu kuchokera pamwamba. Pa Namwera kazizira, pa Chiponde mwafika, makilomita ongopitirira 50 kuchokera pa boma.

Pakati pa zipata ziwirizi pali kamtunda ndithu, ndipo anyamata a kabaza ndi amene amalamulira. Gwirizanani mtengo musanakwere, munene kuti ndi makwacha kapena mametikali. Pa Mandimba simudzamva ngati muli kunja. Chiyao chomwechi, Chinyanja chomwechi, nthawi pa wotchi ndi yomweyi, galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu. Chosintha ndi zikwangwani za Chipwitikizi ndi buledi. Buledi wawo uja amati pão, wotentha, wokhuthala khungu, mukamudya ndi tiyi mudzayamba kudandaula za ndalama zimene mwakhala mukutaya pa buledi wa mphepo wa kwathu.

Minibasi kumeneko amati chapa, ndipo khalidwe lake ndi la minibasi zathu: sinyamuka isanadzaze, ikadzaza amawonjezera ena anayi. Kuchoka pa Mandimba kufika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 150. Kale msewu umenewu m'dzinja unali phala lenileni, malole ankagona m'matope masiku, koma tsopano unaikidwa phula. Ku Cuamba gonani, ndipo chinthu choyamba mukafika pitani ku siteshoni mukafunse za sitima ya ku Nampula, chifukwa siyenda tsiku lililonse. Njanji imeneyi ndi yomwe ija imadutsa kwathu pa Nayuchi ndi Liwonde, yonyamula malasha a ku Moatize kupita kudoko la Nacala, ndipo sitima za malasha ndizo zimayamba kupatsidwa njira. Matikiti gulani dzulo lake. Masiku akapanda kugwirizana, ma chapa alipo, koma ine ndikuti ngati n'kotheka dikirani sitima.

Chifukwa chake n'chakuti makilomita 350 a pakati pa Cuamba ndi Nampula ndiwo mtima wa ulendo wonse. Sitima imanyamuka kusanache n'kukafika madzulo. Mukawoloka Lúrio, mtsinje uli wodzaza, wofiira ngati thobwa la mawere, mumalowa dziko la mapiri a mwala umodzi, oima okhaokha pakati pa minda, ena osongoka ngati nyanga, ena ngati mtondo wovundikira. Mvula ikagwa madzi amatsetsereka pamiyalapo n'kumanyezimira, mitambo itakhala pakati pa phiri ngati yatopa. Munthu umaiwala kuti uli ndi ngongole ku banki m'khonde.

Koma inu ndi anthu a geni, ndiye chimene chidzakusangalatseni kwambiri ndi masiteshoni. Pa Mutuali, pa Malema, pa Iapala, pa Ribáuè, sitima ikangoima msika wonse umathamangira kumawindo. Anyezi, adyo, tomato, nyemba, nthochi, chinangwa, mango, nkhuku zamoyo, zonse zili pamitu. Malonda a mphindi zochepa, ndalama ikutsika pawindo katundu akukwera, sitima ikuliza kale huta wina akuthamanga nayo kufuna chenji chake. Amayi a ku Nampula amakwera sitimayi dala kuti aode ndiwo zokagulitsa m'tauni, ndipo pofika madzulo mumakhala mutaponda matumba a anyezi. Ndinaona mayi wina akugula, kuwerenga chenji, kuyamwitsa mwana ndi kukalipira mnyamata wonyamula katundu nthawi imodzi. Ndinati uyu akanakhala pamsika wa Mangochi tikanamusankha kukhala tcheya.

Ku Nampula

Nampula ndi mzinda waukulu, likulu la kumpoto konse kwa dzikolo, ndipo chilankhulo cha m'misika ndi Chimakua. Amene muli ndi magazi a Chilomwe mudzadabwa kuti mukumva zambiri, chifukwa ziwirizi ndi pachibale. Ena nonse phunzirani mawu ochepa a Chipwitikizi: bom dia popereka moni m'mawa, quanto custa pofunsa mtengo, obrigado pothokoza, amayi amati obrigada. Manambala akakuvutani, foni ili ndi kakyuleta, lembani mtengo wanu mumuonetse, iye alembe wake. Kunenerera kulibe chilankhulo.

Tsiku loyamba musagule kanthu. Safunsa anadya phula. Yendani m'masitolo a amwenye a m'katikati mwa tauni momwe muli zitenje, zimene kumeneko amati capulana, mufunse mtengo wa chimodzi ndi mtengo wa mpukutu, mulembe. Pitani ku msika waukulu wopikulitsa wa Waresta mukaone mmene anzathu amayalira malonda. Madzulo khalani pansi ndi pepala lanu lija la kunyumba, muone chimene chikupereka phindu mutachotsa thiransipoti ndi msonkho. Kugula ndi tsiku lomaliza, pobwerera, kuti musamayende ndi mitolo kunyanja.

Nanga chogula n'chiyani m'dzinja? Zitenje ndiye poyamba, chifukwa siziola, ndipo zaka zino mwezi wa Ramadan ukugwa m'nyengo ya mvula. Mu 2025 unayamba kumayambiriro kwa Malichi, ndipo chaka chilichonse umabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11. Ndiye kuti chitenje chimene mwaoda mu Januwale chikupeza amayi a ku Mangochi akufuna chovala cha pa Idi, pamene anzanu amene anaopa matope ali ndi mitundu yomwe ija ya chaka chatha. Mbibu nazo nyengo yake ndi yomweyi, amakolola kuyambira cha mu Okutobala mpaka Januwale, ndipo Nampula ndiye kwawo kwa mbibu. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja yathu amazifuna. Kokonati nayenso saopa mvula. Koma mchere ndi bakayawo chenjerani nazo. Mchere umamwa chinyezi n'kulemera, mumalipira madzi. Bakayawo wa m'dzinja akapanda kuuma bwino amafika pa Chiponde atayamba kulankhula yekha. Fungo lake minibasi yonse idzakutukwanani.

Tsiku la inu eni

Tsopano mverani, chifukwa apa ndi pamene ambiri mumalakwitsa. Munthu wayenda mtunda wonsewu, nyanja ya mchere yatsala makilomita 180, iye n'kutembenuka ndi mitolo yake osaiona, akuti kuopa kuononga ndalama. Mabwana athu akamapita kunja pa ndege ndi ndalama za msonkho wanu, mumaganiza kuti amangokhala m'misonkhano? Inu amene mumadzuka 4 koloko chaka chonse, tsiku limodzi lokha la mtima wanu likuvutani? Kwerani chapa ya m'mawa yodzera ku Monapo, masana mwafika.

Chilumbacho amachilumikiza ndi mlatho wa makilomita opitirira 3, wopapatiza, wokwana galimoto imodzi, wokhala ndi malo opatukirana apo ndi apo. Chilumba chenichenicho n'chaching'ono, makilomita 3 m'litali, mukhoza kuchizungulira wapansi. Vasco da Gama anafikapo mu 1498 n'kupeza Aswahili ndi Aluya akuchita kale malonda. Apwitikizi anachisandutsa likulu lawo mpaka mu 1898 pamene anasamukira ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo, ndipo dzina la dziko lonse la Mozambique linachokera pa kachilumba kameneka. Kumapeto kwake kuli linga la São Sebastião limene anayamba kumanga mu 1558, ndi katchalitchi kakang'ono ka mu 1522 kamene kakuimabe m'mphepete mwa mafunde. A UNESCO anachiika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse lapansi mu 1991.

Mukaima pa lingalo muziganiza kuti minyanga imene inkachoka kuno kwathu ina inkathera pamenepa, ndi anthu ena a kuno amene sanabwererenso. Mukatsika kumwera kwa chilumba, ku Macuti, kumene kumakhala anthu wamba, mudzaona kuti nyumba zili m'munsi mwa msewu, m'maenje, chifukwa m'menemo ndi mmene anakumba miyala yomangira nyumba za mabwana kumpoto. Mvula ikagwa, madzi amatsikira kwa osauka. Zimenezi sizifuna womasulira, ife a m'misika yopanda ngalande tikuzidziwa.

Koma sindinakutumeni kukalira. M'dzinja azungu odzaona malo amakhala ochepa, ndiye malo ogona amalola kunenerera. Mvula ya kugombe nthawi zambiri imagwa mwamphamvu n'kukata, dzuwa n'kutuluka, miyala ya m'misewu ikufuka nthunzi. Asilamu anzanga mzikiti ulipo waukulu wobiriwira m'mbali mwa nyanja, ndipo chakudya cha halali sichisowa. Amayi a kumeneko amadzola kumaso mussiro, ufa woyera wa mtengo, ndipo gule wawo wa tufo akamavina atavala capulana zofanana mudzaona chifukwa chake nsalu zimenezi zili ndi msika. Idyani matapa, amene ndi chigwada chathu chomwechi koma chophika ndi mkaka wa kokonati, ndi caracata, amene ndi kondowole. Idyani nkhanu ndi nsomba za m'nyanja ya mchere zowotcha pamakala. Ine monga mwana wa kunyanja ndinenetsa kuti chambo sichinapezebe mnzake, koma kulawa ndi kololedwa.

Ndipo lowani m'madzimo. Inu asodzi ndi ana a asodzi chidzakudabwitseni ndi ichi: nyanja yawo imachoka n'kubwerera kawiri pa tsiku. M'mawa ngalawa zili pamadzi, masana zagona pamchenga amayi akutola nkhono pamene panali nyanja, madzulo madzi abwerera. Musayale zovala pafupi ndi madzi n'kupita kokayenda. Ya kwathu ija imadzaza kamodzi pa chaka, ngati mmene inachitira mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo. Iyi ndi ya tsiku ndi tsiku.

Pobwera

Sitolo iliyonse imene mwagula katundu itanitsani lisiti, ndipo malisitiwo alowe m'jumbo muja muli pasipoti. Pa Chiponde onetsani katundu yense kwa a MRA, lipirani chimene akuwerengerani, mulandire lisiti la boma. Adzabwera anyamata okuuzani kuti akudutsitsani njira ya kutchire pa mtengo wochepa. M'chilimwe njira imeneyo ndi yoopsa, m'dzinja ndi yopusa: mitsinje yadzaza, njinga imagwa m'matope, ndipo akakugwirani katundu yense amapita, mpamba wa zaka zisanu kutha tsiku limodzi. Msonkho umawawa, inde, koma munauwerengera kale pa pepala lija. Ndipo musatuluke kuno ndi chimanga kapena nsomba zambiri kuti mukagulitse uko musanafunse za zilolezo, chifukwa katundu wotere ali ndi malamulo ake amene amasinthasintha.

Mawu anga omaliza apite kwa makomiti a m'misika yathu. Mumatolera ndalama za maliro, n'zabwino. Bwanji osayambitsanso thumba la ulendo, anthu 10 kapena 15 kumasonkha kuyambira mwezi wa Meyi pamene geni ikuyenda, kuti pofika Januwale atatu apite m'malo mwa onse, chaka chinacho apite ena? Katundu wogula pamodzi amatsika mtengo, thiransipoti mumagawana, ndipo pakatha zaka zochepa benchi iliyonse ili ndi munthu amene analawapo madzi a mchere. Kambiranani zimenezi pa msonkhano wanu wa mwezi uno, mundilembere zimene mwagwirizana.

Sabata ya mawa tidzakambirana za ngalande za m'misika ndi ndalama za ziphaso zimene timalipira tsiku ndi tsiku. A khonsolo konzekani.